Malume akufuna ndidinde pulani yomwe wajambula ndi munthu wina

Nachisale, Nchalo
Akuluakulu ndi anzanga a ntchito, ndithandizeni maganizo. Ndinalembetsedwa ku MEI, bungwe losunga kaundula wa mainjiniya, chaka chatha ndipo tsopano ndili ndi chidindo changa. Malume anga ndi wapampando wa komiti ya zomangamanga pa mpingo wina cha kumunsi kwa Bangula. Akufuna kumanga holo yaikulu yoti azipemphereramo, koma madzi akasefukira anthu azithawiramo. Pambali pake pakhale nsanja ya thanki ya malita 10,000. Pulani wajambula ndi mnyamata wa mumpingo momwemo, amene anaphunzira zojambula mapulani ndipo dzanja lake ndi labwino ndithu. Omwe akuthandiza ndi ndalama anena kuti satulutsa kanthu mpaka pa mapepalawo pakhale chidindo cha injiniya wovomerezeka. Ndiye malume anditumizira zithunzi za mapepalawo pa WhatsApp, akuti ndingodindapo, Lachisanu akapereke.

Ndawayang'ana mapepalawo. Ndi ooneka bwino, koma masamu a kulemera kwa nyumba palibe, za dothi la pamalopo sanalembepo chilichonse, ndipo mathirasi a denga ndi otalika kwambiri koma sanaonetse mmene adzalumikizidwire. Pamalopo sindinapondepo.

Chomwe chikundilemera ndi chakuti malume amenewa ndi omwe anandilipirira fizi ku Poly bambo anga atamwalira. Sakundinyengerera ndi ndalama, ndipo iwo sakuona cholakwika chilichonse. Kwa iwo ndi kuthandiza mpingo basi. Ndiwayankhe bwanji?

Bambo a Tiya, Bangula
Achemwali, ine ndine kontrakitala, ndamanga m'Chigwa muno zaka zambiri. Ndikuuzeni zoona, zimenezi zimachitika tsiku ndi tsiku. Mapulani ambiri omwe timamangira ajambula ndi anyamata, chidindo chimachokera ku Blantyre kwa munthu woti sanatsikepo ku Thabwa. Nyumbazo zilipo mpaka lero, zaima. Holo ya pansi si nyumba yosanja. Mukachedwetsa, ndalamazo zipita kwina, mvula ibwera, anthu adzagonanso m'makalasi ngati chaka ndi chaka. Ndiye mudzakhala mwathandiza ndani? Yang'anani bwinobwino, pomwe pakukayikitsa muwonjezere zitsulo, mudinde.

Gogo Injiniya, Chikwawa
Mwanawe Nachisale, usadinde momwe zililimu. Koma usakanenso ntchitoyo, ndifotokoza.

A Bambo a Tiya akuti holo ya pansi si yoopsa. Ine ndiyambire pa thanki. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, ndiye malita 10,000 ndi matani 10 ali m'mwamba, pansi pake pakutunga amayi ndi ana. Nsanja imeneyo ikapendekeka pang'ono chifukwa phazi limodzi latitimira, kulemera konseko kumathamangira mbali yomweyo. Funso loyamba ndi lakuti phazilo laponda pa chiyani, ndipo pulani yomwe wanenayo sikuyankha.

Kuno kwathu dothi silofanana ndi la kumtunda. Pulani zambiri zomwe anyamata amaphunzirira, ngakhale zomwe amakopera kwa anzawo, zinapangidwira katondo wa ku Blantyre kapena ku Thyolo, dothi lofiira lokhazikika. Kuno tili ndi makande. Aliyense wa ku Ngabu akudziwa kuti mu Okutobala makande amang'ambika ming'alu yolowa dzanja, ndipo mvula ikagwa amafufuma n'kutseka. Kufufumako kumanyamula maziko, chilimwe chikabwera amatitimiranso, koma osati mofanana mbali zonse. N'chifukwa chake makoma ambiri kuno amang'ambika chopingasa kuchokera pa ngodya ya zenera. Pa makande ungafunike kukumba mozama, kapena kuchotsa dothilo n'kuthira lina, kapena kuthira silabu imodzi ya zitsulo yoti nyumba yonse ikhalepo, komanso khonde la konkire kuzungulira kuti madzi asamalowe pansi pa maziko. Ukasunthira kufupi ndi mtsinje upeza mchenga ndi matope omwe madzi anasiya, ndipo pamenepo vuto ndi lina: madzi othamanga amafukula pansi pa maziko nyumba n'kutsala m'malere. Zimenezi sungazione pa foni. Pamafunika khasu ndi fosholo, maenje angapo, iwe utaima pomwepo.

Ndiye palinso za msinkhu wa pansi pa holoyo. Ngati ndi yothawiramo, ikwezedwe kufika pati? Yankho lili kwa akuluakulu a m'mudzimo, omwe angakulozere pa mtengo kapena pa khoma pomwe madzi analekeza mu 2015, pa nthawi ya namondwe wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu 2023. Mnyamatayo anawafunsa? Ngati sanafunse, ndiye kuti nambala yomwe walemba ndi yongoganizira.

Kuwonjezera zitsulo pomwe pakukayikitsa si kuwerengera. Ukhoza kudzaza zitsulo mu bimu pomwe vuto lili pansi pa nthaka kapena pa msomali wa denga.

Tekinishani wa ku Ngabu
Agogo, ndi ulemu wonse, ndiloleni ndilankhulire mnyamata wojambulayo chifukwa ine ndili m'gulu lake. Ndagwirapo ntchito m'makampani a mainjiniya. Kumeneko amajambula ndani? Ndife. Masamu amapanga ndani? Anyamata ongochoka kumene ku yunivesite. Abwana amabwera madzulo, kutembenuza mapepala, kusayina. Palibe amene amati akuphwanya lamulo. Ndiye zikusiyana pati ndi zomwe akupemphedwa achemwaliwa? Kodi tchimo ndi lakuti mnyamatayo sali pa malipiro a kampani? Nthawi zina zimaoneka ngati chidindo ndi njira yoti omwe ali ndi mapepala azidyera thukuta la omwe alibe. Ife tigone mochedwa pa kompyuta, wina alandire ndalama zoposa zathu chifukwa chodinda kamphindi.

Gogo Injiniya, Chikwawa
Achimwene a ku Ngabu, funso lanu ndi lenileni, ndipo dandaulo lanu la malipiro sindikutsutsa.

Palibe injiniya amene amajambula mzere uliwonse yekha, zimenezo n'zoona. Kusiyana kuli apa. Mu ofesi yoyenda bwino, wodinda amakhala kuti ntchito anaiyamba ndi iye. Ndiye anasankha mtundu wa maziko, ndiye ananena kulemera koti awerengere, ndiye anatuma anthu kukayeza dothi. Ntchito ili mkati amalowa, kufunsa, kubweza zomwe zalakwika, ndipo ali ndi mphamvu yonena kuti fufutani tiyambirenso. Mukamudzutsa usiku n'kumufunsa kuti bimu iyi muli zitsulo za Y16 (zonenepa mamilimita 16) chifukwa chiyani, akhoza kuyankha popanda kuitana mnyamata. Malamulo a khalidwe la mainjiniya m'mayiko ambiri amanena zomwezi: usadinde ntchito yomwe sinapangidwe pansi pa ulamuliro ndi chitsogozo chako, ndiponso usadinde ntchito ya mbali yomwe suidziwa. Injiniya wa magetsi sangadinde mlatho ngakhale ali m'kaundula. Abwana omwe mukunena aja, ngati amangotembenuza mapepala osadziwa zomwe zilimo, akulakwa chimodzimodzi. Kukhala ndi ofesi ya makapeti sikuwayeretsa.

Ndikupatseni nkhani yomwe mainjiniya padziko lonse amaphunzitsidwa. Pa 17 Julaye 1981, mu hotela ya Hyatt Regency ku Kansas City ku America, tinjira tiwiri tolenjekeka m'mwamba tinagwera anthu omwe anali pa dansi. Anthu 114 anafa. Pa pulani yoyamba, chitsulo chimodzi chachitali chinkachokera kudenga, kudutsa kanjira ka pamwamba mpaka kukagwira ka pansi. Kampani yosula zitsulo inaona kuti zimenezo n'zovuta kupanga, ndiye inasintha: chitsulo china kuchokera kudenga kufika pa kanjira ka pamwamba, china kuchokera pa kanjira kameneko kufika pa ka pansi. Pa pepala kusinthako kunali kochepa kwambiri. Koma kunachititsa kuti polumikizira pa kanjira ka pamwamba panyamule katundu wowirikiza kawiri. Mapepala osinthidwawo anadutsa mu ofesi ya mainjiniya n'kubwerera ali ndi chidindo, popanda woti anakhala pansi kuwerengera polumikizirapo. Atafunsidwa, mainjiniyawo anati mwa chizolowezi cha ntchito zolumikizira amapanga ndi osula zitsulo. Sizinamveke. Mu 1986 boma la Missouri linawalanda ziphaso Jack Gillum, mwini chidindo, ndi Daniel Duncan yemwe ankayendetsa ntchitoyo.

Ndanena nkhaniyi chifukwa Nachisale watchula mathirasi opanda chithunzi cha polumikizira. Nyumba zambiri sizigwa chifukwa thabwa lathyoka pakati, zimagwa pomwe zinthu ziwiri zakumana. Kuno mphepo ya mkuntho ikabwera sitsitsa denga, imalinyamula. Ngati mathirasi sanamangiriridwe ku ringibimu, denga lonse limachoka limodzi ndi malata, ndipo makoma aatali a holo akatsala opanda chowagwira pamwamba sachedwa kugwa.

Wa ku Joni
Ndili ku Cape Town, kwathu ndi kwa Tengani. Nkhaniyi yandikhudza chifukwa cha zomwe zinachitika ku George pa 6 Meyi 2024. Nyumba yosanja yomwe inali isanathe inagwa anthu ali pa ntchito, anafa 34, ndipo ena mwa iwo anali Amalawi anzathu omwe anabwera kudzasaka ngati ine. Pambuyo pake bungwe la mainjiniya la kuno, ECSA, linamufufuta m'kaundula injiniya wa ntchitoyo. Chomwe ndikufuna munthu amve ndi ichi. Ife amene timanyamula matope ndi kumanga mashatala sitiwerenga masamu. Folomani akati injiniya wavomereza, timalowa pansi pa silabu ndi mtima umodzi. Tilibe njira ina yodziwira. Achemwali, anthu odzathawira mu holo yanuyo adzalowanso chimodzimodzi, usiku, mvula ikugwa, ana ali kumbuyo.

Nabanda (wa zamalamulo), Nsanje
Ndilowereko pa mbali ya malamulo, mwachidule, ngakhale nkhani iliyonse imaweruzidwa payokha.

Chiyambire lamulo la 2019 lomwe linakhazikitsa Malawi Engineering Institution, bungweli ndi lomwe limasunga kaundula wa ogwira ntchito za uinjiniya komanso kulanga omwe aphwanya khalidwe la ntchito. Ndiye choyamba kutayika ndi dzina lanu m'kaundulamo, achemwali, ndipo pamenepa sipafunika kuti nyumba igwe kaye. Wina akangodandaula ndipo zikapezeka kuti munadinda zomwe simunaziwerengere, mlandu ulipo kale.

Nyumba ikang'ambika kapena kugwa, eni ake ndi ovulala akhoza kukusumirani kuti mulipire chifukwa chosasamala. Khoti limafunsa kuti injiniya wosamala bwino akanachita chiyani pamalo panu. Loya wa mbali inayo sadzavutika. Adzakufunsani kuti munapita liti pamalopo, masamu anu ali kuti, zotsatira za dothi zili kuti. Yankho lakuti sindinajambule ndine silidzakuthandizani, lidzakumizani, chifukwa mudzakhala mwavomera nokha kuti munatsimikizira chinthu chomwe simunachidziwe. Kuti simunalandire ndalama sikuchotsa udindo. Munthu akafa, nkhani ikhoza kufika ku polisi, chifukwa malamulo athu a milandu amalanga imfa yobwera ndi kunyalanyaza kwakukulu.

Anthu ena amalemba timawu pansi pa chidindo, akuti ndangoona maonekedwe okha, za mphamvu ya nyumba si ine. Musadalire zimenezo. Omwe akupereka ndalama afuna chidindo chanu pa chifukwa chimodzi, kuti akhulupirire kuti holoyo ndi yolimba, ndipo inu mukudziwa kuti ndi chomwe akufunira. Kulekanitsa udindo n'kotheka, mwachitsanzo inu kudinda mapepala a maziko ndi denga pomwe wina wadinda a magetsi, koma mbali yomwe mwadindayo ikhale yanu yonse.

China chomwe achinyamata amaiwala ndi inshulansi. Ngati muli pa ntchito ku kampani, inshulansi ya kumeneko imateteza ntchito za kampaniyo. Ntchito ya malume yomwe mwadinda panokha Loweruka siili m'menemo, ndipo mwinanso mgwirizano wanu wa ntchito umaletsa maganyu otere popanda chilolezo. Zikavuta mudzaima nokha ndi katundu wanu. Mnyamata wojambulayo dzina lake mwina silidzamveka n'komwe.

Nachisale, Nchalo
Zikomo nonse. Amayi Nabanda, za inshulansi ndi chilolezo cha kuntchito ndikafunsa mawa lomwe. Koma vuto langa lenileni likadalipo. Zonsezi ndikawauza malume, adzamva ngati ndikudzikonda, ndikuteteza pepala langa pomwe iwo anagulitsa ng'ombe kuti ndilipeze. Kwathu mwana sauza malume ake kuti ayi.

Mayi Mphunzitsi, Makhanga
Mwana wanga, ine si injiniya, ndine mphunzitsi, koma za malume ndingakuthandize. Usapite ndi mawu akuti ayi. Pita wekha, osati pa foni, ukhale pansi monga mwa mwambo, uwauze kuti ntchitoyi waitenga ndi manja awiri ndipo ukufuna uigwire yonse monga anakuphunzitsira. Uwapemphe anyamata anayi ndi makasu Loweruka. Munthu wamkulu akaona mwana wake wavala gambutsi walowa m'dzenje pa malo a mpingo wake, saona mwano, amanyada. Ndipo uwakumbutse kuti wapampando ndi iwo. Holoyo ikadzang'ambika, mpingo sudzaloza ku Nchalo, udzaloza pakhomo pawo.

Tsono ndinene za ife ogwiritsa ntchito nyumbazi. Kuno ku Makhanga madzi a Ruo ndi Shire tawaona, ndipo tikudziwa kuti madzi akabwera misewu imaduka, thandizo limadzafika pa bwato kapena pa ndege patapita masiku. Masiku amenewo nyumba yothawiramo imanyamula zomwe sinanyamulepo: anthu odzaza mpaka pakhonde, matumba a chimanga, njinga, mbuzi, ena kukwera pamwamba penipeni. Makoma anyowa, pansi pafewa. Nyumba wamba ikayamba kung'ambika, anthu amatuluka. Mu nyumba yothawiramo atulukira kuti, kunja kuli madzi? Ndiye ine ndimaona kuti nyumba zoterezi ndi zomwe zimafunika diso la injiniya kuposa nyumba yosanja ya m'tauni.

Bambo a Tiya, Bangula
Ndamva, ndipo pa thanki ndagonja, agogo anena zoona. Koma musandione ngati munthu wosasamala moyo wa anthu. Ndikunena zomwe tikukumana nazo. Mainjiniya olembetsedwa ambiri ali ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Kuti mmodzi atsike kuno, mumulipire mafuta, tsiku lake, chakudya, nthawi zina ndi malo ogona. Pa ntchito yaikulu ngati ngalande za Shire Valley Transformation Programme zimenezo si kanthu, mainjiniya amakhala pomwepo. Nanga pa kalavati ya m'mudzi, chimbudzi cha pasukulu, chigayo, shedi ya pamsika? Ndalama ya injiniya ikhoza kufanana ndi ya simenti yonse. Komiti imasankha simenti, ndipo sindingaiweruze. Mukati aliyense atsate njira yonse, zotsatira zake si nyumba zolimba, ndi nyumba zomangidwa popanda pulani n'komwe.

Komanso pali mapulani a boma ofanana dziko lonse, monga a midadada ya sukulu. Amenewo anadindidwa kale. Kodi amene anadindayo anapita pa sukulu iliyonse?

Injiniya wa Ulimi Wothirira, Livunzu
A Bambo a Tiya, pa mapulani ofanana aja ndiyankheko. Amene anapanga pulani yotero anaganizira dothi la mphamvu inayake, ndipo amayembekeza kuti pamalo pomangapo padzakhala wina woona ngati dothilo likugwirizana ndi zomwe anaganizazo. Pulani ikabwera ku makande kapena m'dambo, kuyambira pa DPC (chotchinga chinyezi pomwe maziko athera) kupita m'mwamba ikhoza kukhala yomweyo, koma za pansi ziyenera kuonedwanso. Munthu amene wati pulani iyi imangidwe pano ndi amene watenga udindo wa maziko.

Za mtengo ndikugwirizana nanu pang'ono. Si ntchito iliyonse yofuna masamu a masamba makumi. Kuyang'ana kuyenerane ndi kuopsa kwa chinthucho. Shedi ya pamsika ingafune ola limodzi pamalopo ndi tsamba limodzi la masamu. Koma olalo lichitike. Chomwe sitingavomere ndi chidindo chopanda ngakhale olalo. Ndipo makomiti oyandikana akhoza kusonkherana, injiniya akatsika tsiku limodzi aone malo anayi.

Ku ntchito yathu ya madzi nkhaniyi ndi yowawa kwambiri. Mitsinje ya ku East Bank, monga Nkhate ndi Livunzu, imatsika m'mapiri a Thyolo ndi liwiro, itanyamula miyala ndi mchenga. Mu Seputembala ukhoza kuiwoloka osanyowa mawondo. Munthu wongoona chithunzi cha mwezi umenewo akhoza kudinda kalavati ya mapaipi awiri pomwe pakufunika mlatho. Ngati namondwe wa Ana anatha kugumula mbali ya damu la Kapichira dziko n'kukhala mu mdima wa kuthimathima kwa chaka chathunthu, kalavati yongoganizira ingalimbe bwanji?

Ndionjezere za madzi osakanizira konkire. Mijigo yambiri m'Chigwa muno ndi ya mchere, ndipo mchere ukalowa mu konkire umadya zitsulo mkati mwakachetechete. Kutentha kwa kuno nakonso kumaumitsa konkire isanakhwime ngati simukuithirira. Injiniya wodziwa malo amalemba zimenezi pa pulani, kuti madzi achokere kuti, athirire masiku angati, ndi kuti timabokosi ta konkire tikayezedwe pa masiku 7 ndi 28. Pulani yokopera sinena zimenezi.

Gogo Injiniya, Chikwawa
Nachisale, njira yoti uthandize malume ilipo ndipo ndi yololedwa. Uitenge ntchito ya mnyamatayo ngati poyambira. Upite pamalopo, ukumbe, ufunse za madzi. Masamu upange wekha kuyambira pa malata mpaka pa dothi, osati kungoona ngati ake akuoneka bwino, chifukwa ukamatsatira mzere wa munthu umalakwitsa pomwe iye analakwitsa. Zofunika kusintha umuuze asinthe iwe ukuona. Zikatha pamenepo pulaniyo ndi yako, ukhoza kuidinda mtima uli m'malo. Ngati nsanja ya thanki kapena denga lalitali chotero sunapangepo, upeze mnzako wamkulu akuonere, palibe manyazi. Masamu ndi zithunzi za maenje usunge mu fayilo.

Za Lachisanu, alembereni kalata omwe akupereka ndalamawo, iwe usayine ngati injiniya, kunena kuti mukupempha masabata angapo kuti muyeze dothi. Mabungwe ambiri kalata yotero amailandira bwino, chifukwa nawonso safuna dzina lawo pa nyumba yogwa.

Nachisale, Nchalo
Ndapita kwa malume dzulo madzulo monga munanenera, amayi. Poyamba anakhala chete nthawi yaitali. Kenako anafunsa ngati mnyamata uja achotsedwe. Ndinati ayi, ndikumufuna, tigwira limodzi. Loweruka tikukumba. Kalata ndalemba, akasayinanso iwo ngati wapampando.

Tekinishani wa ku Ngabu
Zili bwino kuti mnyamatayo sanatayidwe. Pempho langa kwa inu a zidindo ndi lakuti dzina lake likhalepo. Pa ngodya ya pulani pali malo olemba wojambula, wowerengera, woona ndi wovomereza. Ena akadinda amafufuta dzina la wojambula n'kuika la kampani yawo. Mawa mnyamatayo akafuna kulembetsa ku MEI kapena kufunsira ntchito, alibe choonetsa. Ngati mukuti chidindo chizinena zoona, ngodya yonseyo izinena zoona.

Ndikuchenjezeninso za chinthu china chomwe ndachiona ndi maso. Pulani yodindidwa ikangoyenda pa WhatsApp, pali anthu amene amadula chithunzi cha chidindo ndi siginecha n'kumata pa pulani ina. Injiniya ali phee kwawo, osadziwa kuti dzina lake likumanga nyumba kwina.

Nabanda (wa zamalamulo), Nsanje
Kumata chidindo cha munthu wina ndi mlandu wopeka zikalata, ndipo amene wapereka pepalalo ku ofesi akudziwa kuti ndi lachinyengo nayenso ali ndi mlandu. Koma injiniya adzafunika kuonetsa kuti sanadinde ndi iye. N'chifukwa chake ndi bwino kukhala ndi buku lolembamo pulani iliyonse yomwe mwadinda: tsiku, malo, mwini ntchito, nambala ya pepala. Posayina, siginecha idutse pa chidindo ndipo mulembe tsiku ndi dzina la malowo ndi cholembera. Mukamva kuti chidindo chanu chikuyenda, kanenezeni msanga ku polisi ndi ku MEI, musadikire kuti chinthu chigwe.

Mayi Mphunzitsi, Makhanga
Pali kusayina kwinanso komwe simunakutchule, komwe ife a m'makomiti timakuona kwambiri. Ndi satifiketi yoti kontrakitala alipidwe. Pepala limati maziko atha bwino, woyang'anira wasayina, koma ife amene timakhala pamalopo sitinamuone akubwera maziko asanakwiriridwe. Zikakwiririka ndani angadziwe kuti munalowa zitsulo zingati? Kodi zimenezi si chimodzimodzi?

Injiniya wa Ulimi Wothirira, Livunzu
Ndi chimodzimodzi, amayi, mwinanso kuposa, chifukwa pamenepo siginecha ikutulutsa ndalama. Ngati wosayinayo walandirapo kanthu kuti asabwere kudzaona, imeneyo ndi nkhani ya ACB. Pali nthawi zomwe woyang'anira sayenera kusowa: maenje a maziko asanathiridwe konkire, zitsulo zitamangidwa koma zisanaphimbidwe, ndi denga lisanakhomedwe malata. Zikadutsa nthawi zimenezi, zomwe angaone pambuyo ndi pulasitala ndi penti.

Bambo a Tiya, Bangula
Pamenepa ndiye ndifunse monga womanga. Pulani yati zitsulo za Y12, ku Nchalo ndi ku Bangula kulibe, kuli Y10. Amisiri ali pa ntchito, ndikuwalipira pa tsiku, injiniya sakuyankha foni. Ndichite chiyani? Zoterezi zimatipeza kawirikawiri.

Gogo Injiniya, Chikwawa
Musasinthe nokha, achimwene. Y10 ili ndi chitsulo chosakwana magawo 7 mwa 10 a Y12, ndiye mukaika chiwerengero chomwecho bimu yatsika mphamvu kwambiri ngakhale maso sakuona. Kusintha n'kotheka, mwina powonjezera chiwerengero kapena kufupikitsa mipata, koma anene ndi mwini chidindo ndipo alembe, kaya m'buku la pa sayiti kaya pa uthenga womwe mungasunge. Tsiku limenelo amisiri apatseni ntchito ina, aumbe mabuloko kapena akumbe ngalande. Mukasintha mwa nokha chinthu n'kudzavuta, injiniya adzatulutsa pulani yake yolemba Y12, ndipo mlandu wonse udzatsala ndi inu, pamodzi ndi chiphaso chanu cha ukontrakitala.

Koma anzanga a zidindo, imvani dandaulo limeneli. Mukadinda pulani, foni muziyankha mpaka nyumbayo ithe.

Mayi Mphunzitsi, Makhanga
Ndiye ife a komiti tili ndi ufulu wofunsa chiyani popanda kuoneka amwano? Chaka chino tikuyembekeza mdadada watsopano pasukulu pathu.

Nabanda (wa zamalamulo), Nsanje
Funsani dzina ndi nambala ya injiniya yemwe wadinda, ndipo mukhoza kutsimikiza ku MEI ngati alidi m'kaundula. Pemphani kuti pulani imodzi izikhala pasukulupo. Pa msonkhano wopereka malo kwa kontrakitala, funsani pamaso pa amfumu kuti woyang'anira adzabwera pa magawo ati, zilembedwe mu maminitsi. Mukhale ndi buku la alendo loti azisayinamo akabwera, ndipo wina wa komiti ajambule zithunzi za zitsulo zisanathiridwe konkire. Akafuna kukwirira maziko woyang'anira asanafike, lembani kalata kwa amene anapereka ntchitoyo tsiku lomwelo, inu musunge kope yake.

Mayi Mphunzitsi, Makhanga
Takhuta, amayi. Komiti ikumana Lachitatu, ndikawawerengera zimenezi. Agogo, ngati mungalole ndikutumizireni kumbali zithunzi za malo omwe asankhawo, chifukwa pa Freddy madzi anafika pafupi kwambiri ndipo ena mwa ife tikufuna asunthire kumtunda pang'ono asanayambe kukumba.